Apongozi akuti n'chifukwa ndinkasenza madzi

Imelo yomwe ndalandira sabata ino yandisowetsa tulo. Mayi wina, dzina ndabisa, mwana wake woyamba anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pano ali ndi pakati pena pa miyezi iwiri. Akufunsa kuti: "Kodi ndinalakwitsa pati? Apongozi akuti n'chifukwa ndinkasenza madzi. Kodi zichitikanso?"

Achemwali, funso lanuli ndinalifunsapo ineyo, usiku, pabedi la kuchipatala, ndikulirira m'chitenje kuti ndisadzutse anzanga.

Wanga anabwera pa masabata 32. Nsupa inasweka ndili khale pamkeka, ndikusankha nyemba. Chidebe pamutu panalibe, khasu m'manja munalibe. Atamuika pasikelo analemera makilogalamu 1.6, kaphazi kake kongofanana ndi chala changa chachikulu. Chipewa chomwe ndinamulukira chinkamumiza mpaka kuchibwano. Tinatha masabata atatu kuwodi ya kangaroo, iye ali pakati pa mabere anga, khungu kukhungu, womangidwa ndi chitenje. Kuyamwa sankatha, ndiye ndinkafinyira mkaka m'kakapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, maso ali pa wotchi. Kugona kwake kunali kotsamira khoma. Mpaka lero ndikamva fungo la sopo yemwe tinkasambira m'manja muwodimo, mtima umandigunda.

Kunja nako bwalo la milandu linali litayamba. Azakhali anati bambo a mwanayu anayenda njira, ndi tsempho imeneyi. Apongozi anati ndinkayendayenda kwambiri pa kabaza. Mayi wina wa kumpingo anandinong'oneza kuti ndinaulula mimba msanga, ena anaichita chipongwe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za kuwotcha komwe ndinkamva pokodza kwa masabata awiri. Ndinakanena kusikelo, namwino wina anangoti, "Ndi mimba imeneyo mayi," mkodzo osauyeza. Nditachira ndi pomwe anapeza kuti ndinali ndi matenda a m'chikhodzodzo. Dokotala anandiuza kuti matendawa amatha kuyambitsa kubereka nthawi isanakwane, koma sangalumbire kuti anali iwowo. Iye wophunzira uja sanalumbire, pamene azakhali anali otsimikiza kotheratu!

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Mwana amatchedwa wosakwana masiku akabadwa masabata 37 asanathe, pomwe mimba yokwanira imafika cha m'ma 40. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana otere anabadwa 13.4 miliyoni padziko lonse, kutanthauza mwana mmodzi mwa ana 10 aliwonse. Lipoti lina la mu 2012 linaika dziko la Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana 18 pa 100 aliwonse. Amayi onsewo anasenza madzi molakwika? Amuna awo onse anayenda njira? Nthawi zambiri ngakhale madokotala sapeza chifukwa chimodzi chogwirika. Koma ife tiyenera kupeza wolakwa basi, ndipo wosavuta kumuloza chala ndi mayi yemwe wagona pabedi, wopanda mphamvu zoyankha. Ndi nkhanza zimenezo, ngakhale wonenayo akhale wamkulu wa imvi.

Ndipo zikhulupiriro zomwezi ndi zomwe zimatichedwetsa. Timabisa mimba kuopa anthu oipa, timaimanga ndi chitenje mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kenako ndi pomwe tiyamba sikelo. Miyezi yonseyo malungo akudya. Mayi woyembekezera atha kukhala ndi tizilombo ta malungo titabisala mu nsengwa, thupi osatentha n'komwe, koma magazi akuchepa, mwana osalandira chakudya chokwanira. Malawi ndi dziko loyamba lomwe linayamba kupereka Fansidar kwa amayi apakati ngati chitetezo, kalekale mu 1993, koma mankhwalawo sangakutsateni kunyumba mukubisala.

Nkhani ina, poti ndayamba kale: za m'madera ena zoti mayi asayambe sikelo popanda mwamuna wake, kapena abwere ndi kalata ya amfumu. Cholinga ndikuchimvetsa, abambo ayenera kuyezetsa nawo. Nanga yemwe mwamuna wake ali ku Joni? Nanga mtsikana yemwe mimba anaikana? Amangokhala kunyumba ndi manyazi, ndipo atsikana achichepere omwewo ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Koma iyi ndi nkhani ya tsiku lina.

Zomwe zimadziwika

Kupatula malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo, pali matenda opatsirana pogonana monga chindoko, ndiponso matenda a kumaliseche otulutsa chikazi chonunkha. Apa azakhali anga akanakhoza pang'ono: mwamuna woyendayenda angabweretsedi vuto, koma kudzera m'tizilombo toyezeka ndi kuchizika, osati mwamatsenga. Pali kuchepa kwa magazi, shuga, ndi kuthamanga kwa magazi, komwe nthawi zina kumachititsa madokotala kutulutsa mwana msanga dala pofuna kupulumutsa onse awiri. Mimba ya mapasa kawirikawiri sifika kumapeto. Kutenga pakati usanafike zaka 18 kapena utapitirira 35, kutumbiza, fodya, mowa, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, kumenyedwa ndi mwamuna, zonsezi zimawonjezera chiopsezo. Amayi ena khomo la chiberekero limakhala lalifupi kapena lofooka, limatseguka lokha, ndipo palibe chomwe analakwa.

Simunandiuze kuti woyambayo ali ndi zaka zingati. A zaumoyo amalangiza kudikira zaka ziwiri mutabereka musanatenge pakati pena, ndiye ngati mipata yafupika, kanenenso zimenezo.

Kodi zichitikanso? Sindikunamizani: yemwe anaberekapo mwana wosakwana masiku ali pachiopsezo choposa anzake. Koma ambiri mimba yotsatira imafika bwinobwino, yanga yachiwiri inafika masabata 39. Pitani kusikelo sabata ino, musadikire kuti mimba ioneke. Mawu oyamba akhale akuti, "Woyamba anabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri," ndipo aonetseni buku lakale la kuchipatala. Pemphani akuyezeni mkodzo, magazi, BP ndi chindoko. Akakana, funsaninso mwaulemu, osangobwerera ngati ine. Kawonaneni nawo kasanu ndi katatu monga akulangizira masiku ano, imwani Fansidar ndi mapiritsi owonjezera magazi, gonani mu neti, mankhwala azitsamba a mimba muwasiye. Mukaona madzi kapena magazi akutuluka, msana ukupweteka mobwerezabwereza, mimba ikulimba pafupipafupi, mutu ukuwawa kwambiri kapena nkhope yatupa, thamangani ngakhale pakati pa usiku. Mukafika msanga pali jakisoni yemwe amathandiza kukhwimitsa mapapo a mwana asanabadwe.

Za madzi zija, ntchito yolemetsa kwambiri siyabwinodi kwa mayi woyembekezera, apongozi anu sananame zonse. Ndiye akabwerezanso, agwadireni bwinobwino, muwathokoze, muwapemphe auze mwana wawo kuti chidebecho azisenza ndi iye mpaka mudzachire.