Yankho kwa mayi amene afunsa za malo okumbukira nkhondo ku Netherlands

Mayi, mwafunsa kuti pa ulendo wanu wa sabata imodzi ku Netherlands, umene mukupita ndi ana anu a kusekondale, ndi malo ati amene mungakaone okhudza nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiponso ngati nyumba ya Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene analemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku ali mobisala, payokha ili yokwanira. Nyumbayo mukaione ndithu, koma siyokwanira, chifukwa imasimba za anthu ochepa amene anapeza pobisala kwa kanthawi, pamene nkhani yaikulu ya dzikolo ndi ya anthu miyandamiyanda amene sanapeze kothawira. Mwa Ayuda pafupifupi 140,000 amene ankakhala ku Netherlands pa nthawiyo, pafupifupi 107,000 anakwezedwa sitima kupita kundende za chipani cha Nazi, ndipo amene anapulumuka anali pafupifupi 5,000 okha. Izi zikutanthauza kuti anthu atatu mwa anayi alionse anaphedwa, gawo lalikulu kuposa la ku Belgium kapena ku France. Ine ndikuona kuti ulendo wanu udzakhala waphindu mukausanja moti anawo aone ndi maso awo mmene zimenezi zinathekera m'dziko la bata ndi la dongosolo, kuchokera pa ofesi ya kaundula kufikira pa njanji.

Asilikali a Germany analowa m'dzikolo pa 10 Meyi 1940, pa 14 Meyi anaphulitsa pakati pa mzinda wa Rotterdam ndi mabomba, ndipo tsiku lotsatira asilikali achidatchi anagonja. Mfumukazi Wilhelmina ndi nduna zake anali atathawira kale ku London, ndipo dziko linatsala pansi pa bwanamkubwa wa chipani cha Nazi, Arthur Seyss-Inquart, kufikira Meyi 1945. Zimenezi ndi zokwanira kuti ana azidziwe musananyamuke.

Za nyumba ya Anne Frank, chofunika koposa ndi matikiti. Amagulitsidwa pa intaneti pokha, ali ndi tsiku ndi ola loti mulowere, ndipo amatha msanga kwambiri, choncho muyambe kuwafufuza kudakali masabata angapo ndipo mugule pa tsamba la nyumbayo lenilenilo. Nyumbayo ili ku Amsterdam, pa Prinsengracht 263, ndipo ndi mmene anthu asanu ndi atatu anabisala kuyambira mu Julayi 1942 kufikira pa 4 Ogasiti 1944 pamene anagwidwa. Mwa onsewo anapulumuka ndi bambo ake a mtsikanayo, a Otto Frank, okha. Masitepe ake ndi opapatiza ndi otsetsereka zedi, ndiye ngati muli ndi vuto la mawondo mudziwiretu. Zipinda zake zilibe mipando chifukwa a Otto Frank anafuna kuti zikhale zopanda kanthu monga zinasiyidwira, ndipo kujambula zithunzi m'katimo nkoletsedwa.

Tsiku limene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi loyenda pansi m'dera la kum'mawa kwa pakati pa Amsterdam, kumene kunkakhala Ayuda ambiri, chifukwa malo onse ali moyandikana. Yambirani pa bwalo la Jonas Daniël Meijerplein, pamene pali chifanizo cha munthu wogwira ntchito padoko chotchedwa Dokwerker. Pa bwalo limeneli, mu Febuluwale 1941, Ajeremani anasonkhanitsa amuna achiyuda oposa 400 amene anawagwira m'misewu, ndipo pa 25 ndi 26 Febuluwale anthu oyendetsa matiramu (sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda), apadoko ndi antchito ena ambiri a mumzindamo ananyanyala ntchito potsutsa nkhanzazo. Kunyanyalako kunathetsedwa ndi mfuti pasanathe masiku awiri, koma mpaka lero anthu amasonkhana pa chifanizocho pa 25 Febuluwale chaka chilichonse. Kuchoka apo, mtunda waufupi chabe, mudzafika pa chipilala cha maina chimene chili pa Weesperstraat, chimene chinakonzedwa ndi Daniel Libeskind ndi kutsegulidwa mu 2021. Makoma ake ndi a njerwa zoposa 102,000, ndipo pa njerwa iliyonse panalembedwa dzina la munthu mmodzi wophedwa ndi a Nazi, tsiku lake lobadwa ndi zaka zimene anali nazo pomwalira. Kulowapo nkwaulere. Anawo muwapatse nthawi yoti afufuze njerwa za anzawo a msinkhu wawo, chifukwa chiwerengero chimene chimangodutsa m'khutu chikamatchulidwa m'kalasi chimayamba kumveka munthu akaona dzina limodzi la banja likubwerezedwa njerwa ndi njerwa, kuyambira agogo mpaka khanda la miyezi.

Mukatero mupite ku Plantage Middenlaan, kumene kuli nyumba ya zisudzo yakale yotchedwa Hollandsche Schouwburg. Kuyambira mu 1942 nyumbayi inasandulika malo osonkhanitsira Ayuda asanatumizidwe kundende, ndipo anthu pafupifupi 46,000 anadutsamo. Ana aang'ono ankawalekanitsa ndi makolo awo nkuwasunga kutsidya kwa msewu, m'nyumba yolerera ana imene inkayang'aniridwa ndi mayi Henriëtte Pimentel. Mayiyu, pamodzi ndi Walter Süskind amene ankasunga mndandanda wa maina m'nyumba ya zisudzoyo, ndi Johan van Hulst amene anali mkulu wa sukulu yophunzitsa aphunzitsi yoyandikana ndi nyumba yolerera anayo, anazembetsa ana pafupifupi 600. Maina a anawo ankachotsedwa pa mndandanda, ena ankawadutsitsa pa mpanda wa kuseri kulowa m'sukuluyo, ndipo ena ankawatulutsa pa nthawi imene tiramu yaima pakati pa msewu nkuwatchinga alonda. Makolo ankafunsidwa kaye ngati akuvomera kupereka mwana wawo kwa anthu osawadziwa, chinthu chimene inu monga kholo mudzachimva kulemera kwake kuposa wina aliyense pa ulendowo. Mayi Pimentel anaphedwa kundende ya Auschwitz, ku Poland, mu 1943. M'sukulu ija ndi mmene muli myuziyamu ya dziko lonse yokumbukira kuphedwa kwa Ayuda, imene inatsegulidwa mu Malichi 2024.

Pafupi pomwepo, moyang'anana ndi malo osungira nyama a Artis, pali Verzetsmuseum, myuziyamu ya anthu amene ankalimbana ndi Ajeremani mobisa. Ndimailemekeza chifukwa siinamiza alendo kuti Adatchi onse anali ngwazi: imaonetsa poyera kuti ena anakana, ena anagwirizana ndi adani kudzera m'chipani cha NSB cha Anton Mussert, ndipo ambiri anangoweramitsa mutu nkumapitiriza ntchito zawo. Ilinso ndi gawo lokonzedwera ana. Pa msewu womwewo, Plantage Kerklaan, pali nyumba imene munali kaundula wa anthu a mumzinda, imene gulu la Gerrit van der Veen ndi Willem Arondéus linaiwotcha pa 27 Malichi 1943. Chifukwa chake chinali chakuti kaundula wa dzikolo anali wolongosoka kwambiri ndipo zitupa zake zinali zovuta kupeka, moti luso lomwelo la akalaliki a boma ndi limene linathandiza adani kupeza anthu khomo ndi khomo. Moto unawononga gawo chabe la mapepalawo, ndipo amuna 12 a m'gululo anaphedwa mu Julayi chaka chomwecho.

Ngati pali ulendo umodzi wa kunja kwa Amsterdam umene simuyenera kuusiya, ndi wa ku Westerbork, m'chigawo cha Drenthe, pafupi ndi mudzi wa Hooghalen. Ndi kutali ndithu, ndipo muuwerengere tsiku lathunthu. Msasawu unamangidwa mu 1939 ndi boma la Netherlands lenilenilo kuti muzikhala Ayuda othawa ku Germany, ndipo mu Julayi 1942 Ajeremani anautenga nkuusandutsa pokwerera sitima zopita kum'mawa. Sitima 93 zinanyamuka pamenepo pakati pa Julayi 1942 ndi Seputembala 1944, kawirikawiri Lachiwiri, kupita ku Auschwitz, Sobibor, Theresienstadt ndi Bergen-Belsen. Mwa anthu oposa 34,000 amene anatumizidwa ku Sobibor, opulumuka sanakwane 20. Banja la Frank linakwera sitima ya pa 3 Seputembala 1944, yomaliza yopita ku Auschwitz. Chimene chimadabwitsa alendo ambiri nchakuti mumsasamo munali chipatala, sukulu ndiponso masewera a zisudzo, zonse zosungidwa dala kuti akaidi akhale ndi chiyembekezo ndipo asachite chipolowe podikira mndandanda wa mlungu wotsatira. Sitimazo zinkayendetsedwa ndi kampani ya njanji ya dzikolo, imene inkalipidwa pa ntchitoyo, ndipo inavomera kupereka chipukuta misozi mu 2019.

Mukafika mudzayambira pa myuziyamu, kenako mudzakwera basi kapena kuyenda pansi m'nkhalango kupita pamene panali msasa, popeza magalimoto saloledwa chifukwa cha makina ofufuzira zakuthambo amene ali pamalopo. Musayembekezere kuona nyumba zambiri. Nkhondo itatha mumsasamo munatsekeredwa anthu amene ankagwirizana ndi Ajeremani, pambuyo pake munakhala mabanja ochokera kuzilumba za Maluku kufikira cha m'ma 1971, ndipo nyumba zinagumulidwa. Chatsala ndi nyumba ya mkulu wa msasa imene anaivindikira ndi magalasi, njanji zopindidwa m'mwamba zimene anakonza Ralph Prins yemwe anali mkaidi pamenepo, ndi timiyala 102,000 pa bwalo limene ankaitanirapo maina. Timiyala tambiri tili ndi nyenyezi, koma tina tili ndi lawi la moto pokumbukira anthu a mtundu wa Sinti ndi Roma amene anatengedwa pa 19 Meyi 1944.

Masiku otsalawo musankhe malinga ndi kumene mukugona. Ngati muli kufupi ndi The Hague, kuli ndende ya Oranjehotel ku Scheveningen, ndi milu ya mchenga ya Waalsdorpervlakte kumene anthu oposa 250 anaomberedwa. Kum'mwera, pafupi ndi 's-Hertogenbosch, kuli msasa wa Vught, kumene mu Juni 1943 ana oposa 1,200 anatengedwa m'masiku awiri. Ku Haarlem kuli nyumba ya banja la ten Boom, Akhristu okonza mawotchi amene ankabisa Ayuda kuseri kwa khoma kufikira atagwidwa pa 28 Febuluwale 1944. Ngati anawo amakonda mbiri ya asilikali, ku Arnhem ndi ku Oosterbeek ndi kumene asilikali a Britain ndi Poland otera ndi maparachuti analephera kulanda mlatho mu Seputembala 1944, ndipo ana a sukulu a kumeneko amaikabe maluwa pa manda awo chaka ndi chaka. Kulephera kumeneko ndi kumene kunasiya kumadzulo kwa dzikolo m'manja mwa adani m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945, pamene anthu pafupifupi 20,000 anafa ndi njala ndipo ena ankadya mizu ya maluwa a tulip.

Ndikukupemphani kuti musadzaze malo olemera ngati amenewa oposa awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo tsiku la Westerbork likhale lake lokha, chifukwa mwana akatopa amasiya kumva ndipo amangoyamba kuyang'ana pafoni. Muwauziretu anawo kuti m'malo amenewa khalidwe lake ndi la pamaliro, popeza ena mwa anthu amene mudzakumane nawo pa makoma a maina abwera kudzaona agogo awo amene alibe manda kwina kulikonse. Ngati ulendo wanu ukugwera kumayambiriro a Meyi, dziwani kuti pa 4 Meyi nthawi ya 8 koloko madzulo dziko lonse limakhala chete kwa mphindi ziwiri, sitima zimaima, ndipo mwambo waukulu umachitikira pa bwalo la Dam ku Amsterdam. Tsiku lotsatira, pa 5 Meyi, ndi la chikondwerero cha ufulu, ndipo likulu lake ndi Wageningen, kumene akuluakulu a asilikali a Canada ndi a Germany anakumana mu Hotel de Wereld mu 1945 kukambirana za kugonja. M'masiku amenewo malo ogona ndi matikiti zimavuta kwambiri, choncho zonse muzikonzeretu musanagule tikiti ya ndege.