Mwana wanga amubweza ku kampu ya timu ya dziko

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 anaitanidwa ku kampu ya timu ya dziko ya atsikana ya basketball, koma amubweza tsiku lomaliza. Chonsecho kuno ndiye amagoletsa kwambiri. Si tsankho limeneli poti ndife a kumpoto? Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

Yankho: Pepani mayi, zimawawa ndithu. Za tsankho sindingakulumbirireni kuti kulibe, koma musathamangire kumeneko.

Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, amalola osewera 12 okha pa timu ya mpikisano, ndipo m'bwalo mumalowa asanu. Nchifukwa chake makochi amaitana ambiri kuti akapungule. Satenga ogoletsa okhaokha ayi. Amafuna woyendetsa mpira, otchinga, ndi ataliatali olanda mpira ukadunda pa bolodi. Mwana wanu ngati ndi wamfupi, mwina amalimbirana malo ndi anzake anayi, pamene mtsikana wamtali, ngakhale wophonyaphonya, analibe wopikisana naye. Ine ndikanakhala kochi, ndikanatenga wothamangira kumbuyo kukatchinga mpira ukalandidwa, osati woima pakati manja m'chiuno kudikira pasi.

Onaninso mapepala. Zaka amawerengera chaka chobadwa, ndipo wopanda pasipoti savuta kumusiya ulendo ukayandikira.

Musaimbire kochi muli ndi mkwiyo. Mwanayo afunse kochi mwaulemu chomwe chinasowa, akachikonze. Pa timu ya osapitirira zaka 18 mpata akadali nawo, bola sukulu asaitaye.