Kukonza masiku a ku Congo m'faelo ya usilikali

Achimwene, mwafunsa za masiku omwe munagwira ntchito ku DRC (Congo) amene analembedwa molakwika m'faelo yanu ya usilikali. Masiku olakwikawo amakonzeka, koma lembani kalata, zapakamwa zimaiwalika. Poti munapumira ntchito ku Monkey Bay, kalatayo iyambire pomwepo, ikafike kulikulu ku Kamuzu Barracks.

Phatikizanipo mafotokope a masamba a pasipoti omwe ali ndi zidindo za tsiku lonyamuka ndi lobwerera, komanso satifiketi ya mendulo ya UN, ija amapereka munthu akakwanitsa masiku 90. Zenizenizo musapereke ayi, zikhale kunyumba. Mlamu wanga anapita ku Congo mu 2013, ndipo chomwe chinamuthandiza ndi zidindo zomwezo, umboni wa anzake sunapite patali.

Ngati cholakwikacho chikukhudza ndalama zanu zopumira, kaonaneni ndi loya musanasainire chilichonse.