Kodi "diaspora" ndiye kuti matchona?

Funso: Ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri pa nkhani ya Amalawi okhala ku South Africa ndi ku Britain. Mafunso okafunsa anthu ndawalemba m'Chichewa, ndiye mawu oti "diaspora" ndaika "matchona". Kodi ndakhoza? (Wophunzira, Zomba)

Yankho: Mwanawe, wachita bwino kufunsa usanapite kwa anthu, chifukwa ena akanakubweza pakhomo.

Kutchona si kungokhala kunja ayi. Mtchona ndi munthu amene anapita kukasaka ndalama, kenako zii. Kalata osalemba, bulangete osatumiza, maliro a amayi ake osabwera. Mawuwa ali ndi chidzudzulo mkati. Ndikukumbukira agogo anga akamatchula mlongo wawo amene anapita ku Halale (ku Zimbabwe) ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za kumeneko, ankatsitsa mawu ngati akunena za womwalira: "Amene uja anatchona." Koma amalume amene anapita pa Wenela, bungwe lolemba anthu a kumigodi ya ku South Africa, n'kubwerako ndi njinga ndi wailesi palibe anawatchulapo mtchona, ngakhale anapitako kangapo.

Ine sindikayika kuti mawuwa tinabwera nawo kuchokera kummwera komweko. M'Chindebele ndi m'Chixhosa "ukutshona" ndi kulowa kwa dzuwa kapena kumira. Tamvani kukoma kwake! Munthu walowa ngati dzuwa, wamira osaonekanso. Anatola mawuwa ndi azibambo a kumigodi, monga anatolera "Joni" kunena Johannesburg ndi "selefu" kunena wopita payekha osadzera kwa olemba anthu ntchito. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi, mawuwa anali atakhazikika kale m'midzi.

Tsono taganiza za namwino wa ku Manchester amene amatumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi, akumanga nyumba ku Area 25, ndipo zokambirana za chinkhoswe amazitsatira pa WhatsApp. Ameneyo ukamutcha mtchona wamulakwira kwambiri. Moyo wa mwendo kuno mwendo uko ndi umene kafukufuku wako akufuna kuumvetsa, pamene kutchona ndi kudula chingwe.

Lemba "Amalawi okhala kunja". N'zazitali, inde, koma aliyense amva ndipo palibe akhumudwe. Chimene sindifuna kumva ndi "dayasipora" wa pa wailesi uja. Kubwereka mawu sindidana nako, sukulu ndi buku tinabwereka, koma agogo a ku Ntcheu ukawafunsa za "achibale a ku dayasipora" ayesa ndi dzina la mzinda.

"Matchona" usawataye. Asunge pofotokoza mbiri, makamaka ya mabanja a m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, kumene zidzukulu zikuvinabe gule wamkulu koma mudzi wa agogo awo sizinaupondepo. Ngakhale kumeneko, dikira anthuwo adzitchule okha, iwe ulembe mmene anenera.