Kansalu koiwalidwa m'mimba: musachedwe monga tinachedwera ife

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zawaonekera amayi. Ndawerenga kawiri zomwe mwalemba: mayi a zaka 74, anachitidwa opaleshoni ya chophuka mu Juni, bala lakhala likuchucha mafinya miyezi itatu, ndipo atawatsegulanso kuchipatala china, madokotala atulutsa kansalu kopukutira magazi komwe kanatsalira m'mimba. Mukufunsa ngati mungasume, komanso ngati n'zoona zomwe ena akukuuzani zoti khoti silitaya nthawi ndi mlandu wa nkhalamba. Ine si loya. Ndine mphunzitsi chakuno ku Ngabu, koma njira imeneyi ndinaiyendapo ndi bambo anga, ndipo ndinaiyenda molakwika. Ndiloleni ndikuonetseni pomwe tinapunthwa.

Zoti wokalamba alibe mlandu ndi bodza lamkunkhuniza. Lamulo silifunsa zaka za wodwala lisanaone ngati wachipatala analekerera ntchito yake. Chomwe khoti limafunsa n'chakuti: kodi munthuyu anachita zomwe mnzake wodziwa bwino ntchito akanachita pamalo pomwepo? Apa mpofunika kunena chilungamo. Si bala lililonse lovuta kupola lomwe lili mlandu. Thupi la agogo silipola ngati la mnyamata, makamaka pakakhala shuga kapena BP, ndiye muphatikizepo kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala, thukuta lili kamukamu pansi pa bandeji. Bala lingathe kuchita mafinya popanda wina kulakwitsa. Koma kansalu ndi nkhani ina. Ku fiyeta nsalu ndi zipangizo zimawerengedwa asanayambe kung'amba, n'kuwerengedwanso asanasoke. Kansalu kakatsala, ndiye kuti penapake sanawerenge bwino, ndipo palibe anganene kuti wachititsa ndi ukalamba. Kapepala kovomereza opaleshoni komwe amayi anadindapo chala kasakuopseni. Anavomereza kuti awakonze chophuka, sanavomereze kusiyiridwa nsanza m'mimba.

Bambo anga anachitidwa opaleshoni ngati yomweyo mu Ogasiti 2021, pa chipatala china chomwe sindichitchula. Atatuluka, mkodzo unayamba kudontha pabala. Titapita nawo kwina, anatiuza kuti chikhodzodzo chinavulazidwa ndipo sanachisoke. Kalata yofotokoza zimenezi tinali nayo, yodinda bwinobwino, inali mkati mwa buku lawo lachipatala, bukulo lili m'jumbo ya shuga pansi pa sutikesi. Ine ndinkafuna kukadandaula, koma amalume anandikhazika pansi pa mtengo wa nimu n'kundifunsa kuti, "Iwe ukalimbana ndi achipatala, mawa mwana wako akadwala malungo usiku udzathamangira kuti?" Funsolo linandifoola. Sindiwanyoza amalumewo, chifukwa kuno chipatala chochita opaleshoni sichili pakhomo lililonse, ndipo tonse timadziwana. Ndiye tinangoti tiona. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera, madzi analowa m'nyumba kufika m'chiuno. Jumbo ija tinaipeza patatha sabata, masamba atamatana ngati phala, inki itasungunuka. Pomwe ndinalimba mtima kukwera Thabwa kukaonana ndi loya ku Blantyre kunali kumapeto kwa 2024. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anawerenga ndi zala: 2022, 2023, 2024. Anangoti, "Mayi, mwachedwa ndi miyezi itatu."

Lamulo lathu limapereka zaka 3 zokha zoti munthu asume mlandu wa kuvulazidwa thupi chifukwa cha kulekerera kwa wina. Inu muziwerengera kuyambira tsiku la opaleshoni yoyamba ija, osati tsiku lomwe kansalu kanapezeka, kuti musadzakanganirane masiku. Zaka 3 zimamveka zambiri, koma zimatha mukudikira kuti amayi achire kaye, mukolole kaye mapira, mugulitse kaye thonje. Komanso ngati chipatalacho ndi cha boma, wosumiridwa amakhala Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limati muyambe mwamulembera chidziwitso n'kudikira miyezi itatu musanakatule mlandu kukhoti. Miyezi imeneyo ikuchoka pa nthawi yanu yomweyo. Chipatala chikakhala cha mishoni kapena cha munthu, mumasumira eni ake.

Ndiye sabata ino, mkwiyo uyambe wadikira, inu musonkhanitse mapepala. Jambulani ndi foni tsamba lililonse la buku lachipatala, ngakhale lomwe mukuona ngati langokhwatchidwa, mutumize pa WhatsApp kwa abale awiri kapena atatu okhala kumtunda. Buku lenilenilo musalisiye m'manja mwa aliyense woti "tiliunike kaye mudzatenge mawa". Bwererani komwe anachotsa kansaluko mukapemphe lipoti lolembedwa, lonena chomwe anapeza, tsiku, ndi dzina la yemwe anachita opaleshoni yachiwiriyo. Chitani izi msanga, chifukwa achipatala amasamutsidwa, ndipo amene lero akukumbukira nkhope ya amayi chaka chamawa akhoza kukhala ali ku Karonga. Ngati wina anajambula kansaluko, chithunzicho ndi golide. Fayilo ya kuchipatala choyamba muipemphe ndi kalata, kope lake musunge lodindidwa kuti alandira. Akakuzungulitsani, lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakupatsani mphamvu yopempha zolembedwa zotere.

Gulaninso kope la masamba 40. Amene anali gadiyani alembemo zonse akadakumbukira: tsiku lomwe bala linayamba kununkha, kangati anabwerera kuchipatala n'kungopatsidwa panado, anawayankha chiyani. Mulembemonso ndalama iliyonse yomwe yatuluka, ya minibasi, ya kabaza, ya bwato ngati mumaolokera ku East Bank, ya mankhwala a ku famase, mbuzi yomwe munagulitsa ndi mtengo wake. Malisiti asungeni. Khoti limabweza ndalama zotere pokhapokha zitaonetsedwa, "tinaononga zambiri" siliimva.

Makomo ogogoda alipo angapo, ndipo anthu amawasokoneza. M'zipatala za maboma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, yolandira madandaulo a odwala, yomwe inayamba mu 2018. N'pabwino poyambira, dandaulo limalembedwa, nthawi zina amakuthandizani kupeza fayilo, koma musaiwale kuti munthuyo amagwira ntchito pamalo pomwepo ndipo chipukuta misozi sapereka. Medical Council of Malawi ku Lilongwe ndi yomwe imalanga madokotala ndi ma clinical officer, omwe ndiwo amachita maopaleshoni ambiri m'maboma muno. Ingathe kuchenjeza munthu, kumuimitsa, ngakhale kumulanda chiphaso. Za anamwino zimapita ku Nurses and Midwives Council. Awanso ndalama sakupatsani, koma akapeza kuti munthu analakwa, chigamulo chawocho chimalimbitsa mlandu wanu. Palinso ofesi yaikulu ya Ombudsman, yaulere, yomwe ili ndi nthambi ku Blantyre. Ena mukukumbukira kuti mu 2019, nthawi ya a Martha Chizuma, ofesiyi inafufuza za amayi omwe ankachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma chifukwa cha kusasamala, nkhaniyo n'kugwedeza dziko. Ndiye si ofesi yogona. Koma chomwe ine sindinadziwe, ndipo ndikufuna inu muchigwire, n'chakuti kudandaula m'maofesi onsewa sikuimitsa wotchi ya zaka 3 ija. Mukhoza kudikira yankho la kalata mpaka nthawi ya kukhoti n'kutha.

Chipukuta misozi chenicheni chimachokera ku High Court, ndipo kumeneko mufunika loya. Ngati m'thumba mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ndi a boma ndipo ntchito yawo n'kuimira anthu osowa. Maloya ena apadera amalola kudzalandira mlandu ukatha. Zikatero mugwirizane polemba kuti adzatenga gawo lanji, chifukwa pakamwa pokha mudzadana. Chenjeraninso ndi anyamata a zikwama ozungulira pazipata za zipatala olonjeza mamiliyoni.

Za ndalamazo ndisakunamizeni. Apa mpomwe ukalamba umalowerera. Khoti limapereka ya ululu ndi kuzunzika, ya zipsera, ndi ya zinthu zomwe munthu sangathenso kuchita. Mayi amene ankapita yekha kudimba, kutunga madzi pa mjigo, kuyenda wapansi kutchalitchi, lero akudikira mdzukulu kuti amudzutse, zimenezo zimawerengedwa, ndipo muzifotokoze mwatsatanetsatane. Koma gawo la ndalama zomwe akanapeza m'tsogolo limachepa poyerekeza ndi munthu wa zaka 30 wa pantchito ku Nchalo. Milandu yake imayendanso pang'onopang'ono, ndipo boma likagonja limachedwa kulipira. Vuto lina ndi mboni: madokotala m'dziko muno ndi ochepa, ambiri anaphunzira limodzi, kupeza woti akaime kukhoti kutsutsa mnzake si masewera. Mwayi wanu ndi woti kansalu sikafuna kumasulira kwambiri.

Pali china chovuta kuchinena amayi ali moyo, Mulungu awasunge. Koma kwa ena owerenga pano amene wodwala wawo watsikira kulichete pambuyo pa opaleshoni yokayikitsa: pemphani kuti thupi lipimidwe musanaike. Ndikudziwa kuti kutentha kwa kuno sikulola maliro kugona, ndiponso akuluakulu amakana kuti munthu ang'ambidwenso. Koma mukaika, umboni mwaukwirira limodzi, ndipo chikalata cha imfa chidzangoti mtima unaima.

Musanachite zonsezi, khalani pansi ndi amayiwo. Mlanduwu ndi wawo, dzina lolembedwa kukhoti likhala lawo, ndipo mwina adzafunika kukwera Thabwa ndi bala lawolo kukalankhula okha. Ife bambo sitinawafunse n'komwe, tinkangokangana pamwamba pa mutu wawo ngati kulibe. Nditabwerako ku Blantyre kuja n'kuwauza kuti nthawi inatha, anakhala chete, akukonza paipi ya mkodzo yomwe amayenda nayo mpaka lero. Kenako anati, "Ine ndinkangodikira kuti mundiuze tsiku lopita."