Za tauni ya Shimla ku India

Mwafunsa, achimwene, chifukwa chimene tauni ya Shimla imatchukira komanso ngati n'koyenera kukaiona. Mbiri yake inayamba ndi kutentha kwa m'zigwa, kumene Angerezi olamulira India ankalephera kupirira, motero mu 1864 anaisandutsa likulu lawo la nyengo yotentha, ndipo chaka ndi chaka akuluakulu a boma, alembi ndi mafayilo awo ankasamuka ku Calcutta, mzinda umene unali likulu la India panthawiyo, n'kukwera kumapiri a Himalaya, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,200.

Chimene ine ndingakulimbikitseni kwambiri ndi sitima yopita ku Shimla kuchokera ku Kalka, tauni ya m'munsi mwa mapiriwo. Njanji yake yopapatiza, imene inatsegulidwa mu 1903, ndi ya makilomita 96 okha, koma imadutsa m'ngalande zoboola mapiri zoposa 100, ndipo sitimayo imakwera mwapang'onopang'ono moti ulendo umatenga maola 5 kapena kuposerapo. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse choyenera kusungidwa.

Mukafika, mukaone Viceregal Lodge, nyumba ya bwanamkubwa imene inamalizidwa mu 1888, ndiponso msewu wa Mall, umene magalimoto wamba saloledwa kuyendamo. Anyani a kukachisi wa Jakhu amatsomphola magalasi a m'maso, choncho mukawabise m'thumba. Ngati n'kotheka, mupewe miyezi ya Meyi ndi Juni, chifukwa alendo amachuluka mpaka kusowa popondapo.