Khonje langa latulutsa mtengo pakati ndiye likufota, ndi matenda?

Bambo ena a ku Bembeke anditumizira imelo, akuti khonje lomwe anatchingira dimba lawo la kachewere, mapando angapo atulutsa chimtengo chachitali pakati ndipo masamba ayamba kuchita chikasu nkumagwa. Akufunsa ngati ndi matenda, ngati kudula mtengowo kungapulumutse khonjelo, komanso akuti mayi akunyumba amati khonje ndi alovera ndi chinthu chimodzi ndiye nkotheka kumwa madzi ake?

Bambo, mtima pansi, si matenda ayi ndipo musataye ndalama kugula mankhwala opopera. Khonje lanulo lakula basi, lafika potsiriza. Mbewu imeneyi imachita maluwa kamodzi kokha moyo wake wonse, ikatero imafa. Zaka zonse zija limakhala likusunga chakudya mu tsinde ndi mmunsi mwa masamba, ndiye nthawi ikakwana, kawirikawiri pakati pa zaka 7 ndi 10, chakudya chonsecho chimapita ku mtengo wa maluwa uja, nchifukwa chake umakula mothamanga mpaka mamita 5 kapena 6 pamene masamba akutha mphamvu. Kwanu kozizirako likhoza kuchedwerapo kusiyana ndi kumunsi ku Golomoti kapena Mtakataka kotentha. Zili ngati nthochi, ikabala mkoko thunthu lija latha ntchito, otsala ndi ana a mmbali.

Kudula mtengowo sikubweza kanthu. Pamtima paja pomwe pamatuluka masamba atsopano ndi pomwe pasanduka mtengo, ndiye olo mudule lero tsamba lina silidzatulukanso. Ine ndikanakonda muusiye, chifukwa maluwa akayoyoka mu nthambi zija mumamera tiana ta khonje tambirimbiri, tamasamba kale, mazanamazana pa mtengo umodzi, timagwa tokha pansi kapena mukagwedeza. Timeneto ndiye mbewu yanu yaulere. Tolani, ikani pa nazale pa dothi losadikha madzi, tikakula kufika kutalika kwa chikhatho ndi theka kapena kuposerapo mukawokere mmipata mvula ikayamba. Ana ophuka pansi mmbali mwa phando nawonso amagwira msanga. Koma poti ndi kudimba samalani, khonje silifuna kuima mmadzi, likhale pa mzere wokwera osati mu dambo. Mtengowo ukauma ndi wopepuka, anthu amaika pa denga la khola kapena pa thandala.

Njere musazidikire, khonje la zingweli, lomwe asayansi amati Agave sisalana, silibereka njere zodalirika, limafala ndi tiana tomweti. Ndipo ndi mmene linafikira kuno ku Africa. Kwawo ndi ku Mexico, dzina loti sisal linachokera ku doko la Sisal ku Yucatán komwe ulusi unkakwerera sitima. Mu 1893 katswiri wa ulimi wa ku Germany, Richard Hindorf, anaitanitsa tiana 1,000 kuchokera ku Florida, ndipo tomwe tinafika tamoyo ku Tanganyika, Tanzania ya lero, tinali 62 tokha. Tomweto tinadzaza maesiteti a ku Tanga mpaka dzikolo linatsogola pa dziko lonse pa khonje, kufikira mma 1960 pomwe zingwe za nayiloni zinagwetsa msika. Pano wamkulu ndi Brazil.

Chomwe chimandisangalatsa ine pa mbewu imeneyi ndi kapumidwe kake. Chimanga, nyemba, kachewere, zonsezi zimatsegula timabowo ta pa masamba masana, ndiye dzuwa la Okutobala likaomba madzi amathawira pomwepo. Khonje limatseka masana nkutsegula usiku kukazizira, limakoka mpweya nkuusunga ngati asidi mkati mwa tsamba, kukacha nkumapanga chakudya timabowo tili chitsekere. Onjezani khungu lokhuthala la phula lija ndi masamba oima ngati ngalande olondolera kamvula kalikonse ku mizu, mumvetsa chifukwa chake pa mtunda wa miyala pomwe china chilichonse chapserera lokha limakhala lili biriwiri. Chinanazi chimapumanso chomwecho.

Tsopano za alovera, apa mayi amve bwino chonde. Kufanana nkwa maonekedwe chabe. Mitundu ya aloe kwawo ndi konkuno ku Africa, Madagascar ndi ku Arabia, imachita maluwa chaka ndi chaka osafa, ndipo mukathyola tsamba mkati mumakhala zoterera zoyera zopanda ulusi. Thyolani la khonje muone, silithyoka nkomwe, ndi ulusi wokhawokha, tsamba limodzi limakhala ndi ulusi pafupifupi 1,000. Madzi a khonje ali ndi timiyala tosongoka tosaoneka ndi maso totchedwa calcium oxalate komanso zinthu zochita thovu, ndi zomwe zimayabwa zija. Aliyense amene anapalapo khonje akudziwa, umagoneka tsamba pa thabwa, nkumakwecha ndi mpeni wobuntha kapena khasu lakutha, zobiriwira zija zikuchoka, ulusi woyera ukutsala, koma pomaliza mikono yonse ili psuu kuyabwa mpaka usiku. Ndiye zimenezo zilowe kukhosi ndi mmimba? Ayi, musamwe, musapatse ana, ndipo zisalowe mmaso. Munga wakunsonga uja ngati pamadutsa ana dulani.

Achibale enieni a khonje ndi ena. Pali Agave americana, lija la masamba otuwa akuluakulu a minga mmbali lomwe mumaliona pa nyumba zakale ndi mmbali mwa misewu, limatha zaka 10 mpaka 30 lisanachite maluwa. Pali Agave tequilana lomwe ku Jalisco, ku Mexico konko, amaphikira mowa wa tequila. Ndiye pali yucca, maluwa a pakhomo aja a masamba ngati malupanga ndi maluwa oyera olendewera ngati timabelu. Kale onsewa anali ndi banja lawolawo lotchedwa Agavaceae, koma kuyambira 2009 atayeza DNA anawaika mu banja la Asparagaceae, limodzi ndi katsitsumzukwa. Yucca yambiri siifa ikachita maluwa, koma kuno simudzaiona ndi njere kawirikawiri chifukwa kwawo ku America mungu wake umanyamulidwa ndi kagulugufe kausiku kamtundu umodzi, kamene kamaunjika mungu dala pa duwa nkuikira mazira momwemo kuti ana ake adzadyeko zina mwa njerezo. Kuno kagulugufeko kulibe, ndiye timangobzala zodula.

Pa mapando omwe sanatulutse mtengo, dulani masamba a pansi okhwima mupote zingwe za mbuzi ndi zomangira, koma muzisiya masamba osachepera 20 pamwamba kuti lisafooke. Ndipo pobzala tiana tija musabzale tonse chaka chimodzi, gawani zaka ziwiri zitatu, apo ayi fensi yonse idzafanso nthawi imodzi mbuzi nkulowa mu kachewere.